Kujambula nkhondo ya mumlengalenga: luso la amisiri a zithunzi za ku Saxonwold

Zithunzi zankhondo zojambula pamanja ndi luso lomwe mmisiri amagwiritsa ntchito pensulo, makala kapena utoto pofuna kusunga zomwe maso ake aona kumalo omenyanirana. Mayiko ambiri amene analowa m'Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, kuyambira 1939 mpaka 1945, analemba ntchito amisiri otere, kuwaveka yunifolomu ndi kuwatumiza limodzi ndi asilikali. Britain inakhazikitsa komiti yoona za amisiriwa mu 1939 motsogozedwa ndi Kenneth Clark, ndipo South Africa inatsatira mu 1940 pomwe inasankha Neville Lewis kukhala mmisiri wake woyamba wa zithunzi zankhondo. Pambuyo pake panabwera Geoffrey Long, François Krige, Philip Bawcombe, Terence McCaw, Ben Burrage ndi Gordon Taylor.

Ntchito zawo, zoposa 800, zimasungidwa ku Johannesburg m'nyumba yosungiramo mbiri ya nkhondo yomwe lero imatchedwa Ditsong National Museum of Military History, m'dera la Saxonwold, moyandikana ndi malo osungirako nyama a mzindawu. Nyumbayi anaitsegula mtsogoleri wa South Africa panthawiyo, Jan Smuts, pa 29 Ogasiti 1947. Ubwino wa malowa kwa wophunzira luso ndi woti zithunzi zili pabwalo limodzi ndi ndege zenizeni za nthawiyo: Hurricane, Spitfire, Mosquito ndi Hartbees za mbali ya South Africa ndi Britain, komanso Messerschmitt ndi Focke-Wulf za Germany. Munthu amatha kuona chitsulo chenicheni, n'kuonanso zomwe dzanja la mmisiri linatha kapena kulephera kunena za chitsulocho.

Nkhondo zomwe zithunzizi zikusimba

Amisiriwa ankatsatira magulu ankhondo a South Africa, ndipo ntchito yoyamba ya maguluwa inali kuchotsa Italy m'dziko la Ethiopia. Asilikali a Benito Mussolini analanda dzikolo mu 1935 ndi 1936, ndipo ndege zawo zinkathira utsi wapoizoni pa asilikali ndi pamidzi. Nkhondo yomasula Ethiopia inadzera ku Kenya, Somaliland ndi Sudan. Gulu la Dan Pienaar linagonjetsa Ataliyana pa El Wak pa 16 Disembala 1940, mzinda wa Addis Ababa unagwa pa 6 Epulo 1941, mfumu Haile Selassie inabwerera kumpando wake pa 5 Meyi 1941, ndipo linga lomaliza la Gondar linagonja pa 27 Novembala chaka chomwecho. M'nkhondo imeneyi munalinso asilikali a Keyala ochokera ku Nyasaland: gulu lawo loyamba linalimbana ndi Ataliyana pa Moyale mu Julaye 1940, ndipo lachiwiri linamenya nkhondo pa Tug Argan ku Somaliland mu Ogasiti chaka chomwecho.

Kuchoka kumeneko nkhondo inalowera kuchipululu cha Libya ndi Egypt, komwe Tobruk inagwa m'manja mwa mkulu wa asilikali a Germany, Erwin Rommel, pa 21 Juni 1942 ndipo El Alamein inatembenuza zinthu mu Okutobala chaka chomwecho. Kenaka inaolokera ku Italy. Mu Ogasiti ndi Seputembala 1944, magulu a ndege a South Africa a nambala 31 ndi 34 ankanyamuka usiku kufupi ndi Foggia pa ndege za Liberator kukaponya zida ndi mankhwala kwa anthu a ku Warsaw amene anaukira Ajeremani pofuna kumasula mzinda wawo. Ulendo wopita ndi kubwerera unkapitirira makilomita 2,500, ndipo ndege zambiri sizinabwerere. Anthu amakumbukirabe maulendowa chaka ndi chaka pa chipilala cha Katyn ku James and Ethel Gray Park, mu Johannesburg momwemo.

M'nkhondo zonsezi ndege inali patsogolo: inkazonda adani, kuphulitsa milatho ndi mabwalo a ndege, ndi kutchinjiriza oyenda pansi. Choncho mmisiri wofuna kusimba zoona za nkhondo yomasula dziko sakanaizemba.

Vuto la liwiro ndi mtunda

Amisiri akale ojambula nkhondo za akavalo ndi mikondo anali ndi mwayi umodzi: omenyana ankayandikana, ndipo munthu woima paphiri ankatha kuona mbali zonse ziwiri. Nkhondo ya mumlengalenga inachotsa mwayi umenewu. Hurricane inkathamanga makilomita oposa 500 pa ola, kuomberana kunkatha m'masekondi ochepa, ndipo m'ndegemo munali mpando umodzi wokha, wa woyendetsa. Woima pansi ankangoona timadontho takuda ndi kumva kulira kwa mainjini. Ngakhale woyendetsa ndege mwiniwake ankaona zidutswa zokha: mthunzi wodutsa, moto pamapiko, kenaka thambo lopanda kanthu.

Pali njira yachidule yothawira vutoli, ndipo ojambula a m'magazini ndi a zikwangwani zokopa anthu kuti alowe usilikali anaikonda kwambiri. Amajambula ndege ziwiri zoyandikana, misomali yonse ikuoneka, ina ikuyaka moto ina ikupendekeka mokongola. Chithunzi chotere chimasangalatsa maso, koma chimaima pamalo pomwe palibe munthu anaimapo. Chimasandutsa kuphana kukhala masewera a anthu awiri, ndipo munthu amene akupsa m'katimo sachionetsa.

Amisiri ozama anapeza njira zina zitatu. Yoyamba ndi kujambula mapazi a ndege m'malo mwa ndegeyo. Chitsanzo chodziwika ndi Battle of Britain ya Paul Nash wa ku England, ya mu 1941, yomwe ili ku Imperial War Museum ku London. Mbali yaikulu ya chinsaluchi ndi thambo. Mizere yoyera yomwe ndege zimasiya zikauluka m'mwamba kwambiri yapotanapotana pakati, utsi wakuda wa ndege yogwa ukutsetserekera kumadzi, mtsinje ukukhotakhota pansi, ndipo chapatali ndege za adani zikubwera zitandandalika m'mizere. Ndege iliyonse ndi kakang'ono. Nash anaika pachinsalu chimodzi zinthu zomwe zinachitika nthawi zosiyana, ndipo mzere uliwonse ukusimba komwe ndege yachokera ndi komwe yathera. Apa liwiro, lomwe linali mdani wa mmisiri, lasanduka cholembera chake.

Njira yachiwiri ndi kujambula zotsala. Nash yemweyo anapita pamalo otayirapo ndege zogwa za Germany ku Cowley, pafupi ndi Oxford, n'kujambula Totes Meer, momwe mapiko othyoka aunjikana pansi pa mwezi ngati mapesi m'munda anthu atakolola. Ndege yogwa siithawa. Mmisiri amatha kukhala pafupi nayo tsiku lonse, kuyeza kupindika kwa chitsulo ndi kuona dzimbiri ndi mwaye. Nyumba ya ku Saxonwold ikuphunzitsa mfundo yomweyi popanda utoto, chifukwa imodzi mwa ndege zake za Messerschmitt Bf 109 ndi yomwe inagwa ku England mu 1940, ndipo imaonetsedwa ndi mabala ake. Ndege yopukutidwa bwino imauza munthu za nzeru za amene anaipanga, pomwe yogwa imamukumbutsa kuti munali mwana wa munthu m'katimo.

Njira yachitatu, yomwe amisiri a South Africa anaitsata kwambiri, ndi kutsikira pansi pomwe nkhondo ya mumlengalenga imayambira ndi kuthera: pabwalo la ndege, m'matenti, pakati pa amakaniko, onyamula mabomba, othira mafuta ndi oyendetsa amene akudikira kuitanidwa. Njirayi ena amaiona ngati yozizira, koma ndi yoona. Ola limodzi la ndege m'mwamba linkadya maola ambiri a manja a anthu pansi, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Zipangizo ndi kuwala

Mmisiri woyenda ndi asilikali sanyamula zambiri. Zida zake zenizeni ndi kabuku kojambulamo, pensulo, inki, makala ndi kabokosi ka utoto wamadzi. Utoto wamafuta umatenga masiku kuti uume, ndipo m'chipululu mchenga umamatirira pamenepo. N'chifukwa chake zinsalu zikuluzikulu nthawi zambiri ankazimalizira kumsasa kapena mumzinda, potengera zomwe anazilemba mwachangu kubwalo. Utoto wamadzi uli ndi vuto lakenso: kukatentha umauma burashi isanamalize mzere, ndipo sulola kufufuta. Mmisiri ayenera kudziwiratu pomwe pepala lisiyidwe loyera, pakuti kuwala kwa dzuwa pa phiko la ndege, mu utoto wamadzi, ndi pepala losakhudzidwa.

Kusiyana kwa chojambula cha kubwalo ndi chinsalu chomalizidwa n'kofunika poweruza. Choyamba chimakhala ndi mizere yothamanga, manja osamalizidwa ndi malo opanda kanthu, koma chimanyamula nthawi yomwe chinajambulidwa. Chachiwiri chimakhala chokonzeka bwino, koma pokonzapo mmisiri amatha kuchotsa chisokonezo chomwe ndiye nkhondo yeniyeniyo. Kawirikawiri umboni wamphamvu umapezeka m'timapepala ting'onoting'ono.

Kuwala nakonso kunkasintha ndi dziko. Amisiri monga Krige ndi McCaw anakulira pansi pa dzuwa la kumwera kwa Africa, choncho ankalidziwa kale dzuwa lomwe limafufutsa mitundu masana n'kusiya mithunzi yifupi, yakuda bii. M'chipululu cha Libya mulibe mtengo kapena nyumba yoti n'kuyezera kukula kwa zinthu, motero munthu mmodzi woima pansi pa phiko ndi amene amauza diso msinkhu wa ndege ndi kutalika kwa mtunda. Ku Italy anapeza mapiri, matope, nkhungu ndi mizinda yakale yogumuka, ndipo kumeneko zotsatira za mabomba zinali pamaso pawo tsiku ndi tsiku.

Nkhope

Neville Lewis, yemwe anabadwira ku Cape Town mu 1895 n'kuphunzira luso ku Slade School ku London, anali katswiri wa nkhope, ndipo ntchito yake ikuonetsa momwe nkhope imodzi ingasenzere nkhani yomwe chinsalu sichingathe kuionetsa ikuchitika.

Pa 15 Malichi 1941, ndege za Hurricane za South Africa zinaukira bwalo la ndege la Ataliyana ku Diredawa, ku Ethiopia. Ndege ya Jack Frost inaomberedwa ndipo iye anakatera m'dera la adani. Mnzake Bob Kershaw anatera pomwepo zipolopolo zikugwa, Frost n'kukwera, ndipo awiriwa anapanikizana pampando wa munthu mmodzi mpaka kukafika kwawo. Kershaw analandira mendulo ya DSO. Palibe mmisiri kapena kamera imene inaona zimenezi. Lewis anajambula nkhope ya Kershaw, ndipo chithunzicho chinaikidwa pa sitampa ya positi ya nthawi ya nkhondoyo. Apa pakuoneka mphamvu ndi ngozi ya lusoli nthawi imodzi: nkhopeyo inafika m'nyumba zambiri, koma inafikamo ngati chida cha boma cholimbikitsira anthu kuti athandize pankhondo.

Zithunzi za Lewis zolemera kwambiri ndi za amuna awiri a gulu la Native Military Corps. Gululi linali ndi anthu akuda pafupifupi 80,000 amene malamulo a tsankho sankawalola kugwira mfuti. Ankayendetsa galimoto, kuphika, kukumba maenje, kunyamula ovulala ndi kulondera, ena atagwira mikondo ndi zibonga. Lucas Majozi anali wonyamula ovulala pamachira. Pa El Alamein, mu Okutobala 1942, anabwerera kangapo pamalo otcheredwa mabomba, zipolopolo zikuvumba, kukatenga anzake, ndipo sanaleke ngakhale iye mwini atavulala. Analandira mendulo ya DCM, yapamwamba kuposa zonse zomwe msilikali wakuda wa South Africa analandira pankhondoyo. Job Maseko wa ku Springs, kum'mawa kwa Johannesburg, anagwidwa ukaidi pa Tobruk. Ali kugwira ntchito yokakamizidwa padoko, anapanga bomba m'kachitini ndi onga wa m'zipolopolo, n'kulibisa m'sitima yapamadzi ya adani yomwe inaphulika pambuyo pake. Analandira Military Medal.

Lewis anawajambula amuna awiriwa momwe ankajambulira akuluakulu ankhondo: aliyense payekha, ndi utoto wamafuta, ndi dzina lake. M'dziko lomwe zithunzi zambiri zinkaonetsa munthu wakuda ngati wantchito wopanda dzina kumbuyo kwa bwana, kusankha kumeneku kunali ndi tanthauzo. Luso la nkhope limafuna kuti wojambulidwa akhale pansi maola angapo ndipo wojambula amuyang'anitsitse. Ulemu umenewu umatsalira m'chithunzi. Komabe utoto sunasinthe malamulo. Nkhondo itatha, asilikali akuda ambiri anangolandira suti ya khaki, ndalama zochepa ndipo ena njinga, pomwe azungu anathandizidwa ndi nyumba ndi minda. Maseko anamwalira ali wosauka mu 1952, atagundidwa ndi sitima yapamtunda.

Kuona kuchokera m'mwamba ndi kuona kuchokera pansi

Funso lalikulu pa chithunzi chilichonse cha nkhondo ya ndege ndi lakuti diso laikidwa pati. Kuchokera m'mwamba dziko limaoneka ngati mapu: misewu, madenga, mitsinje, utsi woyera wotumphuka apa ndi apo. Maonekedwe amenewa ndi okongola, ndipo ngozi yake ili m'kukongola komweko, chifukwa anthu saoneka. Mbiri ya ndege za South Africa ili ndi umboni wowawa wa mfundoyi. Pa 4 Epulo 1944, ndege ya Mosquito ya gulu la nambala 60 inajambula ndi kamera fakitale ya IG Farben kum'mwera kwa Poland, ndipo m'zithunzizo munalowanso mbali ya msasa wopherako anthu wa Auschwitz. Ozisanthula panthawiyo ankafuna fakitale, ndipo fakitaleyo ndi yomwe anaiona. Zomwe zithunzi za mtunduwu zinkaonetsa za msasawo zinadzaunikidwa bwino kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Kamera inalemba zonse, koma sinauze munthu poti ayang'ane. Ntchito ya mmisiri ndi yomweyo: kusankha choti diso liimepo.

Pablo Picasso anasankha kuima pansi. Guernica yake ya mu 1937, yosimba za mabomba omwe ndege za Germany ndi Italy zinaponya pa tawuni ya dzina lomwelo ku Spain, ilibe ndege ngakhale imodzi. Muli mayi wolira atanyamula mwana wakufa, kavalo wolasidwa, ng'ombe yamphongo, munthu wokweza manja m'nyumba yoyaka, zonse m'mitundu yakuda, yoyera ndi yotuwa. Ndege imadziwika ndi makosi opindikira kumwamba ndi pakamwa potseguka. Ku Johannesburg, Dumile Feni anayankha ntchitoyi mu 1967 ndi chojambula chachikulu cha makala chotchedwa African Guernica, chomwe chimasungidwa ku yunivesite ya Fort Hare. Nkhondo ya Feni inali tsankho, lomwe linalanda anthu dziko lawo popanda kuoloka nyanja.

Aitiyopiya nawo ali ndi njira yawo yakale. M'zithunzi zawo za nkhondo, monga zosimba za kupambana kwawo pa Adwa mu 1896, a mbali yawo amajambulidwa nkhope yonse ikuoneka ndi maso awiri, pomwe adani amajambulidwa cham'mbali ndi diso limodzi. Mmisiri wa kumeneko sabisa mbali yomwe ali. Lamulo limeneli likukumbutsa kuti nkhondo yomasula dziko ili ndi eni ake, ndipo Aitiyopiya omenya nkhondo ya m'tchire anali atalimbana ndi Ataliyana zaka zisanu asanafike owathandiza.

Zomwe zithunzizi sizinanene

Amisiri onse omwe boma la South Africa linawatuma anali amuna achizungu, ndipo ntchito yawo inali kulemba mbiri ya magulu a dziko lawo. Panthawi yomweyo Gerard Sekoto ankajambula moyo wa ku Sophiatown, ndipo mu 1940 Johannesburg Art Gallery inagula chithunzi chake, choyamba cha mmisiri wakuda kulowa m'nyumbayo. Luso linalipo, koma mmisiri ngati iye sanatumidwe kukajambula anzake a Native Military Corps. Mmisiri wolipidwa ndi boma amagwiranso ntchito pansi pa maso a oyang'anira nkhani: malo ena saloledwa kufikako, ndipo mitembo ya a mbali yake kapena anthu wamba ophedwa ndi mabomba a mbali yake si zomwe omutuma amafuna kuona. Mawu oti kumasula nawonso anali ndi chilema chake, popeza ambiri mwa omasula Ethiopia anabwerera kukakhala pansi pa atsamunda ndi tsankho kwawo. Ena mwa asilikali achizungu anachiona chilemachi: Sailor Malan, katswiri wa ndege pa nkhondo ya mumlengalenga ya Battle of Britain amene holo ina ya ku Saxonwold imatchedwa dzina lake, anatsogolera gulu la Torch Commando mu 1951 potsutsa boma lomwe linkafuna kulanda Makaladi ufulu wovota.

Asilikali a Keyala sanali m'gulu lomwe amisiriwa anatumidwa kukalitsata. Ku Malawi chikumbutso cha usilikali chinasungidwa m'njira zina: pa chipilala cha ku Zomba, m'nkhani za agogo, ndi m'magule monga malipenga, mganda ndi beni, omwe anatengera perete ndi mavalidwe a asilikali. Mpata wa anthu oiwalikawa ukuvutitsabe amisiri a lero. William Kentridge wa ku Johannesburg anakonza sewero la nyimbo, magule ndi zithunzi lotchedwa The Head & the Load mu 2018, losimba za amtengatenga a mu Africa pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, ndipo anagwiritsa ntchito mithunzi ya anthu osenza katundu poonetsa anthu omwe mabuku sanasunge nkhope zawo.

Kuweruza chithunzi cha nkhondo ya ndege

Pali mafunso anayi omwe amathandiza kusiyanitsa ntchito yozama ndi yongokometsera. Loyamba: kodi mmisiri waima pamalo pomwe munthu akanathadi kuima, ndipo ngati wagwiritsa ntchito malingaliro ake, monga Nash, kodi wachita zimenezo poyera? Lachiwiri: kodi liwiro ndi mtunda zaonetsedwa ndi kayendedwe ka mizere, kukula kwa thambo ndi kuchepa kwa ndege, kapena ndegeyo yangoimikidwa kuti isiriridwe? Lachitatu: kodi muli anthu, ndipo ndi ati, oyendetsa okha kapena amakaniko, onyamula machira ndi okhala pansi pa mabomba? Lachinayi: kodi anailipira ntchitoyo ndani, ndipo ankafuna kuti woonayo achite chiyani akachiona?

Zithunzi za ku Saxonwold zikayesedwa ndi mafunso amenewa, mphamvu yake imapezeka pansi, m'nkhope ndi m'ntchito za manja, pomwe amisiri anajambula zomwe anaziona ndi maso awo. Kufooka kwake kuli pa kusankha kwa omwe anawatuma, amene anaika malire a anthu ndi zinthu zoyenera kujambulidwa. Woona wanzeru amawerenga zonse ziwiri pamodzi ndi mbiri yolembedwa ya Ethiopia, Libya, Italy ndi Poland, komanso ya asilikali akuda a South Africa ndi Nyasaland, kuti adziwe zomwe mmisiri anaonetsa ndi zomwe zinasiyidwa kunja kwa chinsalu.